Duwa la M'chidebe ndi Diso Langa Lowerengera

Chizindikiro choyamba chidali kuyabwa kwa diso lakumanja. Lidali Lachiwiri, sabata yachiwiri ya Okutobala, cha m'ma 9 koloko m'mawa, ndili pakhonde la nyumba yathu, ulendo wa ola limodzi wapansi kuchokera pa Golomoti. Pasanathe mphindi khumi kuyabwako kudasanduka moto, ngati wina wandifinyira tsabola wa kambuzi. Misozi idayamba kutsika yokha. Ndidapukuta ndi kansalu ka thukuta n'kupitiriza ntchito.

Ndiyambe ndi mfundo ziwiri kuti nkhaniyi imveke. Yoyamba, diso langa lakumanzere n'lofooka kuyambira ndili mwana. Limaona kuti kukubwera munthu, koma silidziwa kuti ndani. Zaka zonse zomwe ndidagwira ntchito kunyuzipepala, poyamba monga mtolankhani, kenaka monga wokonza zolakwika m'nkhani za anzanga, ndimawerengera diso limodzi, lakumanjalo. Yachiwiri, ntchito yomwe ndimagwira m'mawa umenewo idali yodula nthambi za maluwa.

Nditapuma pantchito tidabwerera kumudzi, ndipo akazi anga, aNangozo, adanyamula maluwa awo a mtauni. Onse adapserera chaka choyamba chomwecho. Kutentha kwa kuno kunsi kwa phiri sikucheza. Mu Okutobala nthaka imang'ambika, ndipo tini ya chitsulo ikakhala padzuwa suyigwira ndi dzanja masana. Duwa limodzi lokha ndilo lidapirira, lija la minga yambiri ndi timaluwa tofiira, lomwe ena amati chisoti chaminga. Limafuna zochepa: chidebe choboola pansi, dothi losakaniza ndi mchenga wa kumtsinje ndi manyowa owolerana pang'ono, dzuwa la tsiku lonse, madzi kawiri pasabata. Ukalithirira kwambiri mizu imawola. Kulichulukitsa n'kosavuta. Umadula nthambi yotalika ngati chikhatho, kuisiya pamthunzi masiku awiri kapena atatu kuti bala liume, n'kuitsindira mumchenga. Zonsezi ndidazilemba m'kabuku kanga, ndi masiku ake omwe. Chomwe sindidalembe, chifukwa sindidafunse aliyense, n'chakuti utomoni woyera ngati mkaka womwe umatuluka pabalapo umachita chiyani ukakhudza munthu.

Mwana wathu Tadala adali ndi chinkhoswe kumapeto kwa Novembala, ndipo ndidalengeza kuti bwalo lidzazunguliridwa ndi zidebe makumi anayi za maluwa. Palibe adandituma. Ndidatolera matini a penti, ndowa zoduka zogwirira ndi zigubu zodula pakati. M'mawa wa Lachiwiri uja ndidali pa nthambi ya nambala 23. Zala zidali zitamata utomoni, thukuta likutsikira m'maso, ndipo ndimapukuta manja ndi nkhope ndi kansalu kamodzi komweko.

Pafupi ndi mapazi anga padali chigubu cha malita makumi awiri, chodzaza madzi a pamjigo. Ndidachiyang'ana. Ndikukumbukira bwino lomwe kuti ndidachiyang'ana. Koma nyengo imeneyo mjigo wathu umatulutsa madzi mwaulesi, mzere wa ndowa umafika kumsewu, ndipo madziwo aNangozo adawasenza okha. Ndidali nditawagawa kale m'mutu mwanga, theka la kukhitchini, theka la maluwa. Ndidatapa pang'ono m'manja, manja a utomoni omwewo, n'kupaka kumaso kamodzi. Basi.

Pofika masana chikope chidatupa, diso lidafiira ngati chiwindi, ndipo kuwala kulikonse kumalasa mpaka kuseri kwa mutu. Ndidalowa m'nyumba n'kutseka mawindo. ANangozo adati tipite kuchipatala. Ine ndidati liphwa lokha. Ndinene poyera kuti wolakwa woyamba ndi womaliza m'nkhaniyi ndine, ngakhale pakatipa padapezeka anthu amtima wabwino ondithandiza kulakwako.

Woyamba adali aNachisale, mayi wachikulire woyandikana nafe nyumba. Adanunkhiza nthambi imodzi, naigwetsa msangamsanga. "Iii, aPhiri, ichi n'chibale cha nkhadze! Kuphunzira konseko osadziwa? Mankhwala ake ndi mkaka wa m'mawere, ngakhale mbuzi ikudziwa."

Aliyense wokulira kumudzi adamvapo kuti utomoni wa nkhadze ukalowa m'maso, pamafunika mayi woyamwitsa. Inenso ndidakula ndikumva zimenezo, ndipo sindidazifufuzepo. ANachisale adaitana mpongozi wawo, yemwe adali ndi khanda la miyezi inayi. Pakhonde padabuka mtsutso. ANachisale amati mkaka wamphamvu ndi wa woyamwitsa mwana wamwamuna. Mayi wina yemwe amangodutsa ndi mtolo wa nkhuni adautula n'kunena kuti kwawo ku Mtakataka amafuna wa mwana wamkazi. Adatsutsana kotala la ola, ine ndili chigonere pamphasa, diso likuyaka. Kenaka mpongozi uja adazimirira kuseri kwa nyumba, n'kubwerako nkhope ili pansi, mkaka uli m'supuni ya tiyi.

Zoona zake, kudazizira kwa mphindi zingapo, ndipo kuzizira kumeneko n'komwe kudandipusitsa. Adandidontheza katatu Lachiwiri ndi katatu Lachitatu. Supuni idali yomweyo, ndipo ulendo uliwonse imadutsa bwalo la fumbi ntchentche zikuiperekeza.

Lachinayi m'mawa ululu udali utawonjezeka. M'malo mopita kuchipatala ndidatuma aNangozo kumsika kuti akagule mankhwala odontheza m'maso. Adapita akung'ung'udza. Adabwerako ndi kabotolo kogulidwa kwa munthu wina woyala mankhwala pathumba, kopanda bokosi, kopanda pepala la malangizo. Zilembo za pakabotolopo zidali zazing'ono, ndipo diso loziwerengera lidali lotseka. Munthu yemwe ndidakhala zaka ndikubweza nkhani za anzanga chifukwa cha dzina limodzi losatsimikizika, ndidathira m'diso langa lokhalo mankhwala omwe sindimadziwa dzina lake. Pofika madzulo kufiira kudachepa, ululu udatsika. Ndidauza aNangozo kuti taonani, chipatala n'chachiyani.

Lachisanu ndidadzuka zikope zitamatana ndi manthongo achikasu. Akazi anga atazitsegula ndi madzi ofunda, ndidangoona nkhungu. ANangozo adati pakuda pa diso pali kadontho koyera, kukula kwake ngati njere ya mapira. Ndidatenga nyuzipepala yakale, n'kuphimba diso lakumanzere. Mutu wa nkhani wa patsamba loyamba, zilembo zazikulu ngati chala, sindidauwerenge. Ndikali chiyang'anire pepalalo ndidamva njinga yamoto ikuima panja.

"Abambo a Tadala, kabaza wafika," adatero aNangozo, chitenje chili kale m'chiuno, kabuku kanga ka kuchipatala kali m'manja. "Mukwera nokha kapena tiitane anthu akunyamuleni? Nzeru zanuzo mukafotokozere adokotala."

Tidafika pachipatala chaching'ono cha dera lathu cha m'ma 7 koloko. Mabenchi adali atadzaza kale. Kudayamba pemphero, kenaka phunziro la kasambidwe ka m'manja, kenaka mzere wolembetsa. Adandiyeza pasikelo. Adandibaya chala kuyeza malungo, ngakhale ndidaloza diso kawiri konse. Panthawiyo zidandikwiyitsa, koma ndidadziwa kuti munthu wochedwa masiku atatu alibe pakamwa podandaulira maola anayi. Ndidalowa kwa adokotala nthawi ili 20 pasiti 11.

Adawalitsa tochi m'diso n'kufunsa mafunso atatu: chidalowa n'chiyani, chidalowa liti, ndipo ndaikamo chiyani. Yankho lachitatu lidatenga nthawi. ANangozo adatulutsa kabotolo kaja. Adokotala adakawerenga, n'kukaika m'thumba la yunifomu yawo osandibwezera. Namwino adandigoneka n'kutsuka disolo ndi madzi a m'botolo la diripi mpaka kolala ya malaya idanyowa. Kenaka adokotala adandipatsa kalata. "Ichi si cha kuno, bambo. Mupite kuchipatala chachikulu kumtunda, lero lomwe, osati Lolemba."

Ambulansi idali itapita ndi mayi wina wovutika pobereka. Tidabwerera pa Golomoti n'kukwera minibasi, yomwe idadikira kudzaza kwa ola ndi theka, kondakitala akulumbira mphindi iliyonse kuti watsala munthu mmodzi. Msewu wokwera phiri ndimaudziwa makona ake onse, koma tsiku limenelo ndidaukwera nditaphimba nkhope ndi chitenje cha akazi anga, chifukwa dzuwa silimapiririka.

Kuchipinda cha maso tidapeza atatsala pang'ono kutseka. Adandikhazika patsogolo pa bolodi la zilembo. Diso lakumanja lidaona chilembo chapamwamba chokha, chachikulu chija, ndipo nachonso ndidachita kulingalira. Lakumanzere lidafika mzere wachiwiri. Kadali koyamba m'moyo wanga kuti lofooka lipose linzake. Dokotala wa maso, bambo wosalankhulalankhula, adadontheza mankhwala achikasu, n'kuyang'ana ndi makina a nyali ya buluu. Adajambula diso m'kabuku kanga n'kuika kabwalo pafupi ndi pakati.

"Utomoni udawotcha pamwamba pa diso," adatero. "Chimenecho chikadapola m'sabata imodzi kapena ziwiri. Chomwe tikulimbana nacho pano ndi chilonda. Tizilombo tidalowa pomwe padapsapo. Kabotolo kanuka kamachotsa kufiira, koma pachilonda kamathandiza tizilombo, osati inu."

Ndidafunsa ngati diso lipulumuke.

"Mundifunse Lolemba."

Ndidafunsanso, poti kufunsa ndiyo idali ntchito yanga, kuti ndikadayenera kuchita chiyani Lachiwiri lija.

"Madzi oyera, ambiri, nthawi yomweyo. Kuthira osaleka kwa mphindi makumi awiri, kenaka kubwera kuchipatala tsiku lomwelo. Munalibe madzi pafupi?"

Adayankha ndi aNangozo. "Adali nawo, adokotala. Chigubu chathunthu pamapazi pawo. Amasungira maluwa."

Adandigoneka m'wodi ya abambo. Masiku awiri oyamba mankhwala opha tizilombo amadonthezedwa ola lililonse, usana ndi usiku, ndipo padali ena okulitsa kamwana ka diso kuti ululu uchepe. Anamwino adali ochepa, odwala ambiri, choncho adaphunzitsa aNangozo kadonthezedwe kake: kusamba m'manja ndi sopo, kukoka chikope cha m'munsi, dontho limodzi, kamwa ya botolo isakhudze diso. Adatchera alamu pafoni. M'masiku awiriwo sadaphonye ola ngakhale limodzi. Ndidawerenga ndekha.

Moyo wa m'wodi uli ndi ndondomeko yake. M'mawa kwambiri odikirira odwala onse amatulutsidwa kuti akolope. Kenaka phala. Kenaka kudikira madokotala, omwe amafika pakati pa 9 ndi 11 koloko, malingana ndi zomwe apeza m'mawodi ena. Kenaka kudikira masana, kenaka kudikira madzulo. Tidachoka kwathu ndi zovala za kuchigwa, ndipo kumtunda kuja mphepo ya m'mawa imalowa m'mafupa ngakhale mu Okutobala. Koma chomwe chidandisautsa koposa kuzizira ndi ululu chidali kukhala osawerenga. Pakhoma moyang'anana ndi bedi langa padali chikwangwani cha malangizo. Sabata yathunthu ndidachiyang'ana osadziwa kuti chikunena chiyani. Ndidayamba kuganiza za mabuku anga m'katoni kunyumba, ndi za nkhope ya Tadala pa tsiku la chinkhoswe, kuti mwina ndidzachita kuuzidwa kuti wavala chiyani.

Tadala adaimba foni Loweruka. Adayamba ndi kulira, adamaliza ndi kukalipa. "Adadi, ndani adapempha maluwa makumi anayi? Ine ndikufuna bambo woona, osati bwalo lokongola." ANachisale nawo adatumiza uthenga kudzera pafoni ya mwana wawo, wakuti mkaka udatsala pang'ono kugwira ntchito, kungoti tidaudukiza.

Pabedi loyandikana ndi langa padali mlimi wa mpunga wochokera ku Bwanje. Iye kachitsotso kadamlowa m'diso akupeta mpunga woti akagulitse. Adakhala masabata atatu kunyumba. Adathiramo madzi a shuga, kenaka madzi a masamba ena omwe adamfinyira mlamu wake. Adali munthu wanthabwala. "Achimwene, inu mwabwera ndi kabotolo kamodzi. Ine ndabwera ndi dimba lonse m'diso." Lachiwiri lotsatira adapita naye kuchipinda cha opaleshoni, ndipo adabwerako disolo atalichotsa. Iye adali ndi lina labwino lotsala. Zikadandichitikira ine, sindikadatsala ndi labwino.

Lolemba dokotala adayang'ananso ndi makina aja, nayerekeza ndi chojambula cha Lachisanu. "Sichidakule," adatero. Kunyuzipepala chinthu chomwe sichidachitike sitimachiyesa nkhani, koma ameneyo ndiye adali mawu aakulu omwe ndidamvapo chaka chimenecho. Lachitatu adati chayamba kuchepa m'mbali. Mankhwala adawatsitsa kufika pa maola awiri aliwonse, kenaka anayi. Lachisanu ndidawerenga mzere wachitatu pabolodi. Tsiku lomwelo ndidawerenganso mutu wa chikwangwani chija cha pakhoma. Chimanena kuti vuto la maso likayamba, tisathiremo chilichonse, tithamangire kuchipatala.

Adanditulutsa Lachiwiri, nditagona masiku khumi ndi limodzi. Adandipatsa mankhwala a masabata ena atatu, ndi tsiku lobwereranso.

Tidafika kunyumba dzuwa likuswa mtengo. Masiku onsewo palibe adathirira maluwa anga, chifukwa aNachisale adaletsa aliyense kuwayandikira. Ndimayembekezera kupeza zouma. Ndidapeza zidebe zonse zakale zili psuu, kufiira kuposa momwe ndidazisiyira. Palibe ngakhale chimodzi chofota. Nthambi 23 zija zidali pomwe ndidazisiya, pamthunzi, mabala atauma bwinobwino, zikungodikira mchenga. Chigubu chija chidali pakona, madzi ake atayamba ndere. Madzi omwe ndidamana diso langa, maluwawo sadawafune n'komwe. Ndidakhala pansi pakhondepo, ndipo aNangozo, omwe adali ndi ufulu wonse wolankhula, adangolowa m'nyumba.

Mawa lake adati maluwa onse akatayidwe kudzenje. Tidakambirana masiku awiri. Mfundo yanga idali yakuti duwalo silidandinamize. Lili ndi minga yoonekera patali, ndipo utomoni wake aNachisale adauzindikira pongonunkhiza. Tidagwirizana malamulo. Podula nthambi ndimavala magalasi, ndipo m'manja ndimavala timajumbo ta pulasitiki. Ndimadula kukadali kozizira, thukuta lisanayambe. Kansalu ka nkhope kamakhala m'thumba, ka manja kamakhala pansi. Ndikamaliza ndimasamba ndi sopo ndisanagwire chilichonse. Zidebe zonse tidazikweza pamwamba pa njerwa, kutali ndi pomwe ana amasewera.

Pa nthambi 23 zija zidagwira 19. Chinkhoswe chidachitika ndi zidebe zimenezo, ndipo palibe mlendo adaziwerenga kupatula ine. Tadala adavala chitenje chobiriwira cha timizere tagolide. Sindidachite kuuzidwa.

Tsopano papita miyezi isanu. Ndidabwerera kuchipatala patatha sabata imodzi, kenaka mwezi uliwonse katatu. Chilonda chidapola, koma chidasiya chipsera chaching'ono choyera, pambali pang'ono pa kamwana ka diso. Dokotala adati chikadasendera pakati ndi mpata wochepa ngati m'lifupi mwa njere ya mpunga, bwenzi tikukamba zina. Ndimawerenga ndi magalasi atsopano, kwa theka la ola, kenaka ndimapumira. Zilembo zazing'ono kwambiri zimandivuta. Padzuwa lamphamvu kuwala kumamwazika, choncho sindituluka opanda chipewa. Chipseracho sichidzachoka. Mpongozi wa aNachisale mpaka lero akandiona amakhotera njira ina, ngakhale ndidapita kukamuthokoza, poti iye adapereka chomwe adapemphedwa. Apongozi akewo akadaumirirabe kuti khandalo likadakhala lalimuna, bwenzi nditachira Lachitatu.

Kwa omwe mumadzala maluwa amenewa, kapena muli ndi mpanda wa nkhadze, ndilibe mawu ambiri. Chomera chilichonse chotulutsa utomoni woyera muzichiopa pafupi ndi maso. Utomoni ukalowa, thirani madzi oyera nthawi yomweyo, ochuluka, kwa mphindi makumi awiri, wina akutsegulireni chikope ndi manja osamba. Musaikemo mkaka, shuga, masamba, kapena kabotolo komwe sikadalembedwe ndi adokotala. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ululu utachepa. Mzere wa pabenchi ndi wautali, ndikudziwa, ndidaukhala. Koma udanditengera maola anayi, pomwe kuupewa kudanditengera masiku khumi ndi limodzi ndi chidutswa cha diso.

Pakhonde panga tsopano pamakhala zigubu ziwiri. Chimodzi n'cha maluwa, ndipo nthawi zambiri chimakhala chopanda kanthu. Chinacho ndimatunga ndekha pamjigo, madzi ake ndimasintha m'mawa uliwonse womwe ndikudula nthambi, ndipo palibe amaloledwa kutapamo. Ndidachilemba ndi penti yotsala m'tini, zilembo zazikulu zoti ngakhale diso lakumanzere liwerenge: MASO.